Chala Changa Chosita Mapepala

Lolemba

Ndagonekedwa. Ndikulemba ndi dzanja lamanzere, ndiye zilembo zikutuluka ngati za ana anga a ku sukulu ya mkaka, china chagona, china chaima. Lamanja alikweza m'mwamba, alimangirira pa chitsulo cha dripu.

Nkhani yake ndi yamanyazi, abale. Pepala! Pepala lenileni landigoneka m'chipatala. Sabata yatha ndinkadula mapepala a zopindapinda, lina n'kundicheka pa chala chamanthu. Kabala kake kochepa, sungakaone n'komwe. Ana akukuwa uku ndi uku kuti "Aphunzitsi, ine! Aphunzitsi, ine!", ndani akanapita kukasaka pulasitala? Ndinapaka guluu wa ana, n'kukulunga ndi tepi yomatira zithunzi pakhoma, ntchito n'kupitirira. M'penti ndinalowa nacho, m'dothi loumbira ndinalowa nacho. Lero chala chatupa, chikugunda chokha ngati chili ndi mtima wake.

A dokotala atamva za guluu anavula magalasi n'kundiyang'ana.

"Mayi, inu muli ndi shuga. Munthu wa shuga samata bala ndi guluu."

Ndinati, "Ndi guluu wabwino, a dokotala. Mwana angakhale atanyambita, sadwala."

Sanaseke. A nesi ndi amene anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka.

Mankhwala: dripu yopha tizilombo katatu pa tsiku, jakisoni wa shuga ndisanadye. Mawa ang'amba kuti mafinya atuluke.

Lachiwiri

Ang'amba. Anabaya kaye mankhwala ochititsa dzanzi, komabe ndinakuwa, sindibisa. Ine amene ndimauza ana kuti "wolimba mtima salira jakisoni."

A dokotala anena mosapsatira. Ngati tizilombo tathera mumnofu, chala chipola. Ngati tafika pa fupa, adula nsonga yake, pamodzi ndi chikhadabo.

Chikhadabo chimenecho ndiye khasu langa. Ndili ndi mantha.

Lachitatu

Lero ndadzuka ndi mphamvu, ndipo ndapeza mnzanga. Bedi loyandikana ndi langa kuli mayi wamkulu thupi, telala, wodwala phazi chifukwa cha shuga yomweyi. Pakamwa pake sipauma. Atamva kuti ndine mphunzitsi wa ana ang'onoang'ono anafunsa kuti chikundiliza n'chiyani pa kachala kamodzi.

Ndinawafotokozera. Chaka chilichonse kuzizira kukatha, mitengo ikayamba kuphukira, kusukulu kwathu timachita Tsiku la Maluwa. Ana amapinda mapepala n'kupanga maluwa, agulugufe ndi achule odumpha. M'mabuku amati origami, ife ndi ana anga timangoti zopindapinda. Timamata zonse pakhoma, makolo n'kubwera kudzaona. Koma pepala silimvera ukangolipinda. Umayenera kuyendetsa chikhadabo pa mzere wopindawo kuti ugone, apo ayi duwa limayasama lokha. Ife timati kusita. Mwana akapinda amakweza pepala n'kukuwa, "Aphunzitsi, mundisitire!" Ine n'kudutsa tebulo ndi tebulo, chala chamanthu chikugwira ntchito, tswii, tswii. Chikhadabo chimenechi ndimachisunga chachitali dala, zina zonse ndimawenga.

A Telala anati, "Ndiye ndife a ntchito imodzi, aphunzitsi. Nanenso chovala chosasita sindichitulutsa pakhomo."

Tsikulo ndi Lachisanu la sabata ya mkuja. Ndiyenera kukakhalapo ndi chala changa.

Masana kunabwera bambo akunyumba. Ndinawatuma malalanje ndi mapepala. Malalanje aiwala, mapepala abweretsa mtolo wonse, aja ofiira mbali imodzi, mbali inayo oyera. Amandidziwa bwino munthu ameneyu.

Lachinayi

Shuga watsika pang'ono. Atsuka bala, ayikamo nsalu yothira mankhwala. Kuwawa kwake ndakupirira poimba nyimbo ya achule chamumtima.

Kalasi langa alitenga a Nyimbo, mnzanga wa kalasi loyandikana. Timawatchula choncho chifukwa akatsegula pakamwa ngakhale mwana wolira amasiya n'kuyamba kuvina. Koma manja awo, kalanga ine! Akagwira pepala limakhala ngati lamenyedwa. Abwera madzulo atagwira m'mutu.

"Asisi, mwandisiyira moto. Ine za mapepala ndi ine n'kutali."

Ndinati, "Khalani pansi. Duwa ndi kupinda katatu basi. Mbali yoyera ikuyang'aneni, ngodya iyi ikapsompsone inzake, makutu awiri akwere m'mwamba. Latha."

Anayesa, linatuluka duwa lenileni, lofiira bwino. Tinakuwa tonse awiri mpaka a nesi anasuzumira.

A Nyimbo atapita, a Telala anati, "Tandipatsani limodzi, manja akundiyabwa." Ha, mayi ameneyu! Ndinkangonena ndi pakamwa, iwo zala zikuthamanga. Chule woyamba anatuluka ngodya zili ndendende. Ndinawauza kuti adinde kumsana kwake. Anadinda. Chule uja anauluka n'kukatera m'mbale ya mankhwala ya a nesi, pakati pa mapiritsi. Wodi yonse inafa ndi phwete.

A nesi anamutola ndi zala ziwiri n'kufunsa kuti, "Wodwala uyu wabwera ndi kalata?"

Lachisanu

Chotupa chatsika! Ndikutha kuona makwinya a chala changa, amene ndinali nditawaiwala. A dokotala akanikiza mozungulira n'kunena kuti, "Tikuyenda." Mawu amodzi okha, koma ndawasunga ngati dzira.

Wodi yasanduka kalasi. Amayi asanu amene amatha kukhala tsonga apempha mapepala. Pali mtsikana wothyoka mwendo amene chibwerere ankangoyang'ana foni, lero wapanga agulugufe n'kuwapachika pa chingwe chokokera mwendo wake. Ndinadzidzimuka nditakuwa kuti "Maso kwa ine, makutu kwa ine!" kwa azimayi a zidzukulu. Ndipo anamvera!

Tachita mpikisano wa achule pa tebulo lodyera. Wa a Telala wapambana, iwo akuti ndi chifukwa choti anamudyetsa bwino. Wa mtsikana uja amadumpha chambuyo. Tamupatsa mphoto ya nthochi chifukwa cha khama.

Kusita konse akuchita ndi a Telala. Ine ndikungoyang'ana, chala chikulakalaka mkati mwa bandeji. Dikira, mwanawe, masiku akubwera.

Loweruka

A Nyimbo abwera ndi thumba lodzaza. Nkhope ili gwaa.

"Asisi, taonani zimene achita ana anu."

Anakhuthulira pa bedi. Maluwa, inde, opindidwa katatu monga ndinanenera. Koma onse oyera! Oyera mbee, kuyambira loyamba mpaka lomaliza. Ndinatsegula limodzi ndi dzanja lamanzere, kufiira konse kwabisala mkati.

"Munawauza kuti mbali yoyera iwayang'ane?"

"Ndinawauza, ndinaimba, ndinawaonetsa. Langa linatuluka lofiira. Awo onse ndi amenewa. Kamtsikana kena kanalira kuti duwa lake ladwala."

A Telala anati, "Musadandaule, tikongoletsera ukwati."

Ine sizinandiseketse. Zaka zonsezi sindinaonepo duwa loyera m'kalasi mwanga, ndipo mawu amene a Nyimbo ananena ndi omwe ndimanena ine. Nanga chalakwika n'chiyani? Ndawauza kuti abwerenso mawa, aphunzitse wodi yonseyi monga anaphunzitsira ana, ine ndikhale pakati pa ophunzira. Mutu ukundizungulira, koma ndikumva kukoma. Ntchito yandipeza pa bedi.

Madzulo thupi latentha pang'ono. A nesi andipatsa mapiritsi awiri n'kulemba pa khadi.

Lamulungu

Ndachigwira! Abale inu, ndachigwira chinthu chija!

A Nyimbo anaima kumapazi kwa mabedi, ife tili ndi mapepala pa mawondo. Ananyamula pepala lawo m'mwamba kuti aliyense aone, n'kunena kuti, "Mbali yoyera ikuyang'aneni." Ndipo inde, mbali yoyera inkayang'ana iwo. Koma ife amene tinali kutsogolo kwawo tinkaona yofiira! Mwana samvera mawu, amamvera maso. Waona kufiira m'manja mwa aphunzitsi, naye amayala kufiira pamwamba, n'kupindira mkati. Ndinayang'ana kumbali, a Telala enieniwo, katswiri wa nsalu, atulutsa duwa loyera mbee. Mtsikana wa mwendo uja, loyera. Wodi yonse, ukwati.

Ndinakuwa, "Imani pomwepo!" mpaka singano ya dripu inandikumbutsa kuti ndine wodwala.

Kenako ndinadzifunsa kuti nanga ine ndimatani. Ndinatseka maso n'kuyendetsa manja m'malere. Eee! Ine ndimagoneka pepala pachifuwa panga, kuyera kukuyang'ana ana, n'kupindira kwa iwo, osati kwa ine. Ndimapinda chambuyo. Palibe anandiphunzitsa, ndipo sindinkadziwa kuti ndimatero. Manja ankadzichitira okha, pakamwa osadziwa kanthu.

A Nyimbo anayesa. Pepala linagwa, anatola, linagwanso, a Telala akuwazazira ngati mwana wophunzira kusoka. Kachitatu linatheka. Pomwepo anapeka kanyimbo:

*Kufiira kugone, kugone pa tebulo,*
*kuyera kudzuke, kuone denga!*

Tinaimba wodi yonse, ngakhale mayi wa pakona amene sayankha moni anagwedeza mutu. Maluwa anatuluka ofiira psuu. A nesi anatenga limodzi n'kulibaya pa thumba la yunifolomu.

Ndasangalala lero kuposa tsiku lililonse chibwerere. Koma funso limodzi likundivuta. Ngati nzeru zanga zili m'manja osati m'mutu, akadula chala atenga zingati?

Sabata yachiwiri, Lolemba

Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Ndadzuka ndikunjenjemera, malaya anyowa. Chala chatupanso, ndipo nsonga yake yada. Anditengera kojambula mafupa pa njinga ya odwala. Atenga magazi. Asintha mankhwala a m'dripu, ayika amphamvu.

A dokotala anayang'ana chithunzi pa zenera nthawi yaitali. Anati tikambirana mawa akaona za magazi.

Sindinapinditse kanthu lero. Achule angokhala pa tebulo.

Lachiwiri

Tizilombo tija tafika pa fupa. Adula mawa, pa mfundo yoyamba. Chikhadabo chipita.

Ndinapempha, ndinachonderera. "A dokotala, tangodikirani Tsiku la Maluwa lidutse. Ndikasite maluwa a ana kamodzi kokha, kenako mudzadule mmene mungafunire."

Anakhala pa bedi, chinthu chimene sanachitepo. "Mayi, tikadikira sitidzakamba za nsonga. Tidzakamba za dzanja."

Ndasayina ndi dzanja lamanzere. Dzina langa latuluka lokhota ngati la munthu wina.

Bambo akunyumba anakhala nane nthawi yonse yoonera odwala. Anasenda lalanje, lero anakumbukira, n'kumandipatsa kachigawo kamodzikamodzi. Pochoka anati, "Amayi, ine ndinakwatira munthu, sindinakwatire chikhadabo." Ndinawauza kuti achoke asanandilize.

A Telala anadikira kuti apite, n'kuvundukula phazi lawo. Zala ziwiri palibe. "Izi zinapita chaka chatha. Ndinalira ngati pamaliro. Koma makina ndikupalasabe, ndipo makasitomala safunsa kuti diresi lasokedwa ndi zala zingati."

Ndinati, "Inu ndi za kuphazi, zimabisala mu nsapato. Changa ana amachiyang'ana tsiku lonse."

Anati, "Pamenepo mwanena zoona." Ndinawakonda chifukwa cha zimenezo.

Kuyambira madzulo ano osadya, osamwa.

Lachitatu

Adula. Ndadzuka. Ndikusanza.

Lachinayi

Dzanja lonse lakulungidwa, likulemera. Jakisoni woletsa ululu m'mawa ndi madzulo. Thupi lasiya kutentha.

Chodabwitsa: chikhadabo chikundiyabwa. Chimene kulibecho. A nesi akuti zimachitika, mutu umachedwa kumva uthenga.

Ndamwa supu. A Telala andiikira chule pa pilo, wovala kabandeji pa mwendo. Ndaseka pang'ono, zandiwawa.

Loweruka

Amasula kuti atsuke. A nesi anati ndikhoza kuyang'ana kumbali. Ndinayang'ana chalacho.

Chachifupi. Chozungulira kumutu, ulusi wakuda ukudutsa pamwamba. A Telala anasuzumira n'kunena kuti, "Msoko wabwino uwu. Amene uja akadzatopa ndi udokotala abwere kushopu kwanga." A dokotala akuti fupa lotsalalo ndi loyera, shuga akumvera, ndipo ndikapitiriza chonchi ndituluka Lachinayi.

Lachinayi! Ndiye kuti Lachisanu ndili mfulu!

Ndinakondwa kaye, kenako mtima unati phwii.

A Nyimbo anabwera akuvina kuyambira pakhomo. Akhuthula thumba: maluwa ofiira, achikasu, apinki, agulugufe a mapiko osalingana, achule onenepa. Akuti kanyimbo kaja kafika mpaka kumakomo, mayi wina wadandaula kuti mwana wake akumuimbira poyala bedi. Khoma latsala pang'ono kudzaza. Ana akufunsa tsiku lililonse kuti aphunzitsi abwera liti.

Ndinagwira duwa limodzi. Mizere yake yagona bwinobwino. Ndinafuna kufunsa kuti akusita ndani, koma belu lotulutsa alendo linalira, a Nyimbo n'kuthamangira basi.

Sabata yachitatu, Lolemba

Kwabwera mayi wophunzitsa mafupa kuyenda. Andionetsa zochita: kukhudza chala chamanthu ndi chala chilichonse, kufinya kampira kofewa, kutola nyemba za pulasitiki m'mbale. Akuti ndizichita katatu pa tsiku, koma osakanikiza pa bala. Ndatola zambiri ndithu, ndipo anandiyamikira ngati mmene ndimayamikirira mwana amene wamanga yekha nsapato. Tsopano ndadziwa mmene zimakomera.

Atachoka ndinatenga pepala mwakachetechete. Kupinda ndinapinda, ndi zala zinazo. Pofika posita, dzanja linapita lokha monga mwa masiku onse, n'kupeza palibe chofikira pa pepala. Ndinayesa chikhadabo cha kumanzere, chachifupi, chopanda mphamvu, chinangong'amba ngodya. Ndinaika duwa pa tebulo. Linayasama pang'onopang'ono ine ndikuona, mpaka linabwerera kukhala pepala.

Ndauza bambo akunyumba kuti Lachisanu sindipita.

"Chifukwa?"

"Mwana akakweza pepala n'kunena kuti mundisitire, nditani? Ndipo ena mwa iwo amaopa ngakhale mphaka. Akaona dzanja ili n'kuthawa, ine ndidzafa ndili chiimire."

Anakanda m'mutu n'kunena kuti, "Tidzaona Lachisanulo." Ndikuwadziwa. Akatero ndiye kuti asita kale diresi langa.

Lachitatu

A Telala atuluka lero. Mwana wawo wabwera kudzawatenga, iwo atanyamula achule m'chikwama ngati katundu wa mtengo wapatali. Akuti akaika mmodzi pa makina. Wodi yakhala chete moipa.

Potsanzika anaima pa bedi langa atatsamira ndodo. "Aphunzitsi, mwatisokosa masabata awiri ndi ana anuwo. Tawadziwa onse, wolira, wakuba makrayoni, wodya guluu. Mukapanda kupita Lachisanu ndidzamva, ndipo ndidzabwera ndi ndodo yomweyi."

Ndinati, "Mukufuna akandiseke?"

"Akakusekani ndiye kuti sanathawe."

Achotsa dripu. Mkono wapepuka, ndikungouyendetsa m'malere ngati wamisala. Mankhwala tsopano ndi akumwa, kwa masabata awiri, ndikatha kudya. Ulusi adzachotsa sabata yamawa. Bandeji yaikulu achotsa, atsala ndi kapulasitala kopyapyala, kotero kufupika kwa chala kukuonekera poyera. Ndayesa kubisa dzanja m'thumba, m'khwapa, kumbuyo. Mphunzitsi wa mkaka wopanda manja, munamuonapo?

Mawa kunyumba. Mtima ukudumpha, mwina ndi chimwemwe, mwina ndi mantha, sindikusiyanitsa.

Lachisanu

Ndikulemba ndili kunyumba, ndipo izi ndilemba zonse.

Diresi linali lositasita pa mpando, monga ndinanenera. Ndinavala ndikung'ung'udza. Bambo akunyumba anandiperekeza mpaka pa geti la sukulu n'kundikankha pang'ono pamsana.

Khoma lija, abale! Kuyambira pansi mpaka pamene manja a a Nyimbo amafika, maluwa okhaokha, agulugufe akulendewera pa ulusi, achule afola pa shelefu. Makolo anali asanafike. Ndinaima pakhomo, dzanja lamanja ndalifumbata kumbuyo.

Wina anakuwa, "Aphunzitsiii!" Basi, chigumula. Anandigwira miyendo, diresi, chikwama. Wina akundiuza kuti dzino lake lachoka, wina kuti kwawo kwabadwa mwana, wina akungolira osadziwa chifukwa. Ndinagwada kuti ndiwakumbatire, ndipo pokumbatira munthu sabisa dzanja.

Kamtsikana kaja kanalira duwa lodwala ndi kamene kanaona. Kanagwira dzanja langa ndi manja onse awiri, n'kulitembenuza uku ndi uku. Ana ena onse anayandikira kudzaona. Ine ndikudikira woyamba kuthawa.

"Aphunzitsi, mwachipinda eti? Tachitambasulani tione."

Ndinati, "Sichitambasuka, mwanangu. Chinadwala, a dokotala anachotsa mbali yodwalayo. Chatsala chomwechi."

"Mpaka kale?"

"Mpaka kale."

Kanaganiza, milomo ili tolu. Kenako kanaimika kachala kake kamanthu pambali pa changa, mosamala, osakhudza pulasitala. Kanayang'ana, kanayang'ananso, n'kukuwa ndi mawu onse:

"Chafanana ndi changa! Aphunzitsi ali ndi chala cha ana!"

Mayo ine! Anafola mzere okha, chinthu chimene ndakhala ndikuwaphunzitsa chaka chonse osatheka. Aliyense kudzayeza chala chake ndi changa. "Changa chaposa!" "Changa n'chimodzimodzi!" Kamnyamata kena kanakwiya kuti chake chachepa, ndinakalonjeza kuti chikula, chidzandipitirira. A Nyimbo anali pakona akupukuta maso ndi gulugufe.

Kenako mwana wina anandipatsa pepala. "Pangani lanu, pakhoma patsala malo."

Ndinakhala pa kampando kawo, mawondo ali m'chibwano. Ndinapinda, ngodya inapsompsona inzake. Pofika posita ndinaima. Ndinanena zoona, chifukwa ana sanamizidwa kawiri.

"Ana anga, kusita sindingathenso. Chikhadabo chija chinapita."

Anandiyang'ana ngati ndanena zopanda mutu.

"Nanga ife tili nacho chachitali?" anatero kamtsikana kaja. "Inu kulibe timasita tokha. Ine ndimachita chonchi." Kanakunga chibakera n'kudinda pa mzere, du, du, du.

"Ine ndi chigongono!"

"Ine ndi kunsi kwa kapu!"

Kamnyamata konenepa ka kumbuyo kanakweza dzanja mwaulemu. "Ine ndimakhalira."

Ndinaseka mpaka misozi, ndipo misozi itayamba sinafunenso kusiya. Ndinayang'ana a Nyimbo, iwo anatambasula manja. "Asisi, ine ndinawauza kuti kusita sinditha. Anadzionera okha."

Ndinasankha chigongono. Ana onse atandizungulira, akuwerenga mokweza, ndinachiyendetsa pa mzere, uku ndi uku. Makutu awiri anakwera m'mwamba, chigongono kachiwiri. Kamnyamata kaja kanapempha kuti kakhalireko pang'ono kuti likhwime, ndinalola. Ndinaika duwa pa tebulo, tonse tikudikira kuona ngati liyasame.

Silinayasame. Khutu limodzi lalitali, lina lalifupi, koma lofiira, ndipo lagwira.

Kamtsikana kaja kanalinyamula, kanaliyang'ana mbali zonse ngati woyang'anira mayeso, n'kunena kuti, "Mwayesetsa, aphunzitsi. Mawa mudzakhoza kwambiri."

Mawa ndi Loweruka, koma sindinakatsutse. Lolemba ndikubwerera kuntchito.